Kuphunzitsa mlezi, komiti kapena mudzi wonse: ndalama yochepa ya mkombaphala ipite kuti?

Sukulu ya mkombaphala ya kumudzi siyendera mlezi yekha. Malo amapereka ndi amfumu, njerwa amaumba ndi makolo, nkhuni ndi madzi zimabwera ndi amayi amene tsiku lawo lophika lakwana, ndipo ufa wa phala umatuluka m'nkhokwe za anthu omwewo amene pofika Januwale amakhala akudya kamodzi patsiku. Mleziyo nthawi zambiri ndi wongodzipereka, ali ndi munda wake wofunika kupalira ndi ana ake ofuna fizi. Mmodzi mwa anthu onsewa akangogwa ulesi, sukulu imayamba kutsegula masiku atatu pasabata, kenako awiri, kenako mumangomva kuti idzatsegulidwa anthu akakolola.

Mu 2011 ofufuza atayendera ma CBCC (sukulu za mkombaphala zoyendetsedwa ndi mudzi) a m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, anapeza kuti ochuluka ndithu mwa amene anali m'kaundula wa boma anali otseka, ndipo chimene anthu ankadandaula kwambiri chinali kusowa kwa chakudya. Ana sapita kumene kulibe phala. Choncho mpingo, bungwe la m'dera kapena komiti ikapeza kandalama ka maphunziro, funso silingokhala loti mlezi timutumize kuti. Funso lalikulu ndi loti ndi maphunziro ati amene angachititse mudzi kupitiriza kunyamula sukuluyo alendo a galimoto atapita. Njira zilipo zingapo, ndipo sizipereka zofanana.

Masabata awiri a boma

Iyi ndiyo njira yodziwika kwambiri. Mlezi amachoka pamudzi kwa masabata awiri kukagonera kumalo a maphunziro, komwe amaphunzitsidwa ndi akatswiri a unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu kapena a bungwe loona za maphunziro a mmera mpoyamba la AECDM, lomwe linayamba mu 1970 ndi dzina loti Association of Pre-school Playgroups in Malawi. Amaphunzira za kakulidwe ka mwana, kuphunzitsa kudzera m'masewera, kukonza ngodya zophunzirira, kupanga zoseweretsa ndi zinthu zopezeka pamudzi, ukhondo, kadyedwe, kuteteza ana ku nkhanza ndi kulemba kaundula. Pomaliza amalandira satifiketi imene ofesi ya Social Welfare imaizindikira, ndipo ichi si chinthu chochepa. Boma kapena mabungwe akafuna alezi oti awathandize, amayamba kuyang'ana amene ali ndi pepalali.

Mlezi amene sanaphunzirepo amaphunzitsa momwe iye anaphunzitsidwira mu Sitandade 1: kandodo m'manja, ana pansi, kubwereza mawu mpaka dzuwa litakwera. Masabata awiriwa amamuchotsa pamenepo, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha ndi oyenera ndalama yake.

Vuto lake n'lakuti nkhani yogwira ntchito ndi mudzi imapatsidwa kanthawi kochepa pakati pa mitu yambiriyo, ndipo amene akuimva ndi munthu mmodzi, komiti ili kumudzi. Mlezi amabwerako ndi nzeru zatsopano n'kupeza anthu amene sanamve chilichonse mwa zimene iye wamva, ena mwa iwo akung'ung'udza kale kuti mnzawo wakadya alawansi yekha. Ndalama yambiri ya maphunziro oterewa imathera pa malo ogona, chakudya ndi thiransipoti. Ndiye pali nkhani ya kuchoka kwa alezi. Mtsikana wa MSCE amene aliyense anagwirizana kuti ndiye wanzeru amakwatiwa kumudzi wina, kapena kupeza ntchito pa sukulu ya pulayiveti m'tauni, kapena kukwera basi ya ku Joni, ndipo maphunziro onse amapita naye. Simungamuimbe mlandu, ntchito yopanda malipiro siimangirira munthu.

Mukasankha njira iyi, musatumize munthu mmodzi. Tumizani awiri, wachinyamata wodziwa kulemba bwino ndi mayi wokhazikika amene ali ndi nyumba ndi munda pamudzipo. Kusankhako kuchitikire pabwalo anthu onse akuona, osati kuseri kwa nyumba ya amfumu, chifukwa mlezi amene anthu akuti anasankhidwa pachibale adzavutika kupempha ngakhale mbale imodzi ya ufa.

Maphunziro otalikirapo okhala ndi wowayendera

Apa tili ndi umboni wa kwathu konkuno, ndipo ndi wofunika kuumvetsa bwino. Boma, mothandizidwa ndi World Bank, linachita kafukufuku m'ma CBCC 199 a m'maboma anayi aja, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. Sukuluzo anazigawa m'magulu anayi, ndipo zonse zinalandira zipangizo zophunzirira ndi zoseweretsa. Gulu loyamba linalekera pomwepo. M'gulu lachiwiri alezi anaphunzira kwa masabata asanu, n'kumayenderedwa ndi alezi anzawo odziwa bwino ntchito amene anasankhidwa kukhala aphungu. Gulu lachitatu linalandira zomwezo kuonjezerapo kachithokozo ka K2,000 pamwezi kwa miyezi ingapo. M'gulu lachinayi, pamwamba pa maphunziro a alezi, makolo a anawo ankasonkhana m'magulu n'kuphunzira mitu 12 ya kaleredwe, ndipo owaphunzitsa anali alezi ndi aphungu omwewo.

Patatha miyezi 18, m'makalasi a alezi ophunzitsidwa zinthu zinali zitasintha: kaphunzitsidwe kanali kabwinoko. Koma atayesa ana enieniwo, kusintha kooneka pa chilankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anzawo kunapezeka m'gulu lachinayi, lija makolo anaphunzira nawo. Kuphunzitsa mlezi yekha, ngakhale kwa masabata asanu, ngakhale ndi kachithokozo, sikunafike pa mwana mokwanira kuti kuonekere pa mayesowo. N'zosadabwitsa mukaganiza kuti mwana amakhala ku mkombaphala maola ochepa a m'mawa, tsiku lonse lotsala ali ndi amake, agogo ake kapena mchemwali wake.

Pali mbali ina imene okonda kutchula kafukufukuyu amailumpha. Patatha miyezi 36, ana ambiri atalowa kale ku pulayimale, kusiyana kuja kunali kutazimiririka. Ine ndimaona kuti izi sizichotsa phindu la kuphunzitsa makolo, koma zikutichenjeza kuti maphunziro ongochitika kamodzi n'kusiya salimba, ndiponso kuti mphunzitsi wa Sitandade 1, amene amalandira anawa m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ayenera kukhala m'gulu la anthu amene mkombaphala ikugwira nawo ntchito.

Njirayi ndi yokwera mtengo, ndipo mpingo kapena komiti payokha singaikwanitse yonse. Koma zigawo zake ziwiri n'zotsika mtengo ndipo mungazitengere: wowayendera alezi pa ntchito, ndi magulu a makolo otsogoleredwa ndi mlezi. Mphungu amene amabwera pa njinga, n'kukhala pansi kumbuyo kwa kalasi, pomaliza n'kukambirana ndi mlezi zimene waona, amakonza zinthu zimene mphunzitsi wa m'holo ya maphunziro sangazione n'komwe.

Kuphunzitsa komiti ndi makolo pamudzi pomwepo

Njira iyi ndiyo imanyozeka chifukwa ilibe ulendo, ilibe hotela, ilibe satifiketi yopachika pakhoma. Mlangizi amabwera pamudzi, anthu amakhala pansi pa mtengo kapena m'tchalitchi, masiku angapo, madzulo aliyense akagona kwawo. Komatu pa nkhani ya mgwirizano wa sukulu ndi mudzi, iyi ndiyo imalasa penipeni.

Ku Zomba, bungwe la Save the Children pamodzi ndi ofufuza a bungwe loona za chakudya la IFPRI anayesa zimenezi m'ma CBCC 60 pakati pa 2015 ndi 2016. Makolo, alimi ndi makomiti anaphunzitsidwa kulima zakudya zopatsa thanzi, munda wa sukulu n'kukhala ngati munda wachitsanzo: mbatata yofiira mkati, mtedza, soya, nyemba ndi masamba. Anaphunziranso kakonzedwe ka phala losakaniza, kasungidwe ka chakudya ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Patatha chaka, mabanja a m'midzi yophunzitsidwayo ankalima ndi kudya zakudya zosiyanasiyana kuposa anzawo. Chimene chinachititsa chidwi kwambiri n'chakuti ang'ono awo a ana a mkombaphalawo, makanda a miyezi 6 mpaka 24 amene sanali kupita n'komwe ku sukuluko, anapezeka kuti akupinimbira mocheperapo. Zimene mayi anaphunzira pophika phala la sukulu anakazichita pa mafuwa a kunyumba kwake.

Koma ulimi ndi gawo limodzi chabe. Maphunziro abwino a komiti ayenera kugwira zinthu zimene zimagwetsa sukulu zenizeni, ndipo zambiri mwa izo n'zazing'ono zochititsa manyazi kuzitchula. Kope la zopereka amasunga ndani, ndipo limawerengedwa pagulu liti? Kiyi wa chipinda chosungira ufa amakhala ndi ndani? Sukulu zambiri zatha osati chifukwa cha njala koma chifukwa cha mphekesera yoti shuga wa ana akumwera tiyi kwa apampando. Komiti yophunzitsidwa imadziwa kuti wosunga kiyi ndi wolemba kope sakhala munthu mmodzi, ndipo kuti kuwerenga zopereka pamaso pa anthu kamodzi pa teremu kumatseka pakamwa pa amiseche.

Ndiye pali banja limene silingathe kupereka. Agogo akulera zidzukulu zitatu zamasiye, nkhokwe inatha mu Okutobala. Komiti yosaphunzitsidwa imabweza anawo pakhomo kuti ena atengerepo phunziro, osadziwa kuti ikubweza ana amene ma CBCC anafalikira kudzawathandiza m'zaka zimene Edzi inasiya amasiye ambiri. Komiti yophunzitsidwa imakhala itagwirizana kale kuti wopanda ufa abweretse nkhuni, atunge madzi kapena alime mizere ingapo m'munda wa sukulu, ndipo amene sangathe ngakhale zimenezo mwana wake azidya basi. Za chindapusa cha amfumu kwa makolo osatumiza ana, ine ndimakayika nazo. Zimadzaza kalasi kwa masabata ochepa, koma zimasandutsa sukulu kukhala chinthu cha mfumu, osati cha makolo. Amfumu amathandiza kwambiri akapereka dimba, akaitanitsa msonkhano, ndiponso akayamba iwo kubweretsa ndowa ya chimanga anthu akuona.

Chinanso chimene maphunzirowa ayenera kukonza ndi mkangano umene umabuka mlezi akangobwera ku masabata awiri aja. Tsiku la msonkhano mayi wina amaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwana wa achemwali anga ku Limbe akuimba kale ABC ndiponso amalonjera m'Chingerezi. Wangayu amangobwera ndi dongo m'manja. Kodi kusewera sangasewere kunyumba?" Anthu ambiri amagwedeza mitu kuvomereza. Mlezi wosakonzekera amayamba kulongosola za ubongo wa mwana, ndipo palibe amamumvera. Mlezi amene anaphunzitsidwa kulankhula ndi makolo amangoti, "Mayi, tandibwerekani mwanayo." Amathira pamphasa zitsekerero za mabotolo khumi ndi ziwiri, n'kumuuza mwanayo kuti agawire anzake atatu mofanana. Mwana amagawa chimodzichimodzi, n'kuwerenga mokweza kuti aliyense wapeza zinayi. Kenako mlezi amamufunsa za ng'ombe yadongo imene anaumba dzulo, mwana n'kufotokoza nkhani yonse, kumene ikupita ndi chimene yanyamula. Makolo akaona zimenezi ndi maso awo funso la ABC limachepa mphamvu, ndipo mawa lake ena amabweretsa okha zitsononkho ndi timabokosi ta machesi.

Komiti iyeneranso kudziwa anthu a boma amene ali m'dera lake ndi chimene ingawapemphe. Mlangizi wa zaumoyo atha kumachititsa sikelo pa mkombaphala pomwepo. Mlangizi wa zaulimi atha kuyendera munda wa sukulu. Woona za chitetezo cha ana ndiye woyenera kuuzidwa mlezi akaona zipsera zokayikitsa pa mwana. Komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndiyo khomo lolowera ngati mukufuna kuti denga la malata kapena mjigo zilowe m'mapulani a khonsolo. Anthu onsewa alipo kale ndipo ambiri amalandira malipiro, chimene chimasowa ndi munthu wowaitana.

Zofooka za njirayi ziliponso. Siphunzitsa mlezi kaphunzitsidwe, choncho payokha ingakupatseni sukulu yokhala ndi phala tsiku lililonse koma ana akungobwereza mawu pansi pa kandodo. Anthu ena akamva kuti kulibe alawansi sabwera tsiku lachiwiri, matenda amene mabungwe anatibweretsera okha. Makomiti amasinthidwa, ndipo ophunzitsidwa akachoka onse nthawi imodzi mumayambiranso. Komanso kumene maphunziro anabwera ndi mbewu zaulere, chaka chimene mbewuzo zasiya kubwera m'pamene mumadziwa ngati anthu anamvadi. N'chifukwa chake midzi ina imalumikiza mkombaphala ndi banki mkhonde, kuti kagawo ka thumba la zadzidzidzi kazigula shuga, sopo ndi mbewu.

Kuphunzira m'magulu, pa tabuleti kapena popanda

Roger Federer Foundation inayamba kuthandiza sukulu za mmera mpoyamba m'Malawi mu 2011 pogwira ntchito ndi ActionAid, ndipo pambuyo pake inabweretsa tabuleti yotchedwa Early Learning Kiosk, imene imagwira ntchito popanda intaneti. Alezi a sukulu zoyandikana amakumana pagulu, kuonera phunziro, kukambirana, kukayesa m'kalasi, n'kudzauzana zimene zachitika. Ubwino wake n'ngwakuti sukulu sitsekedwa, mlezi sasiya banja lake, ndipo phunziro limene silinamveke atha kulibwereza. Koma tabuleti imapezeka kumene pulojekiti ili, imafuna kutchaja, ndipo gulu lopanda mtsogoleri wakhama limafa mwakachetechete.

Chimene chimagwira ntchito pamenepa si galasi la tabuletiyo kwenikweni, ndi kukumanako. Sukulu zinayi kapena zisanu za kwa gulupu mmodzi zitha kupangana kuti alezi azikumana kamodzi pamwezi, mosinthanasinthana malo, ndipo apampando a makomiti azibwera nawo. Komiti imene ikuti anthu a kwawo ndi ouma mitu imaphunzira zambiri ikaona nkhokwe ya sukulu ya mudzi woyandikana ili yodzaza, anthu ake osauka chimodzimodzi.

Koleji ndi yunivesite

University of Malawi ku Zomba ili ndi digiri ya za kakulidwe ka ana aang'ono, ndipo koleji ya Magomero ku Chiradzulu yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'madera ndi a chisamaliro cha anthu kwa zaka zambiri. Kwa wachinyamata amene ali ndi MSCE yabwino ndipo akufuna kuti imeneyi ikhale ntchito yake ya moyo wonse, njira ndi imeneyi, ndipo dziko likusowadi anthu oterewa oti aziphunzitsa ndi kuyendera alezi. Makoleji a pulayiveti olengeza madipuloma a ECD (maphunziro a mmera mpoyamba) achulukanso m'matauni. Musanalipire fizi, fufuzani ngati ndi olembetsedwa ku NCHE (bungwe loona za maphunziro apamwamba) kapena ku TEVETA (loona za maphunziro a ntchito zamanja), ndipo funsani ngati ophunzira amapita kukayeserera ntchito ku CBCC ya kumudzi kapena ku nazale za m'tauni zokha, kumene makolo amalipira pamwezi ndipo nkhani ya nkhuni siimveka.

Koma ndalama ya komiti isapite kuno. Munthu wa dipuloma sadzabwerera kudzaphunzitsa ulere pansi pa denga la udzu.

Nanga muyambire pati?

Musanatulutse ndalama yanu, pitani kaye ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Maphunziro ambiri a alezi amabwera ndi mapulojekiti, ndipo mapulojekiti amasankha maboma. Ya Investing in Early Years, imene World Bank inavomereza mu 2018 ndi ndalama zokwana madola 60 miliyoni, inali ya maboma 13 okha. Ngati sukulu yanu sili m'kaundula wa ofesiyo, mwayi ukabwera udzakudutsani. Ngati ilimo ndipo alezi anu ali pa mndandanda wodikira, ndalama yanu igwire zimene pulojekiti singagwire.

Sukulu imene imatsekatseka chifukwa cha phala iyambe ndi komiti ndi munda. Kutumiza mlezi ku maphunziro pamene ana sakubwera n'kugula mpando wa njinga yopanda matayala. Sukulu imene phala lilipo ndipo makolo amabwera ku misonkhano, koma palibe mlezi anaphunzirapo, itumize awiri ku masabata awiri aja, ndipo akabwerako pakhale tsiku limene adzaonetse mudzi wonse zimene aphunzira, ndi ana pamphasa monga tafotokozera. Sukulu imene ili nazo zonse ziwirizi iike ndalama yake pa magulu a makolo ndi pa njinga ya mphungu, ndipo iitane mphunzitsi wa Sitandade 1 kuti adzaone ana amene adzawalandire chaka chamawa. Amene amalandira Likuni Phala kuchokera ku mabungwe monga Mary's Meals asadzinamize kuti nkhani ya komiti siwakhudza. Ufa ukabwera pa galimoto, ophika, nkhuni ndi kiyi wa chipinda chosungira zimakhalabe za mudzi.

Aliyense amene akubwera kudzakuphunzitsani, kaya ndi wa boma, wa mpingo kapena wa bungwe, mufunseni kuti akamaliza adzabweranso liti kudzaona, ndipo adzabwera ndani. Akayankha mozungulira, dziwani kuti mtengo wa kuyenderako muyenera kuuika nokha pa bajeti yanu. Muuzeninso kuti abambo aitanidwe mwa dzina, chifukwa uthenga ukangoti msonkhano wa mkombaphala amabwera ndi amayi okha, chonsecho chimanga cha m'nkhokwe m'mabanja ambiri sichituluka bambo asanavomere.

Nthawi ya chaka nayo imasankha maphunziro. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali m'munda kapena pa ganyu, ndipo wobwera ku msonkhano amakhala akuganiza za chakudya cha madzulo. Maphunziro a komiti achitike mu Epulo kapena Meyi, anthu ali pafupi kukolola, kuti mgwirizano wa zopereka upangidwe chimanga chisanapite kwa mavenda. Alezi apite ku maphunziro awo pa tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti, kuti potsegulira mu Seputembala akhale atabwerako, ndipo mbewu za munda wa sukulu zikhale zitagulidwa mvula yoyamba isanagwe.